Makungwa amene anapha zonse

Lolemba ndi tsiku lofesa maselo. Mu labotale yathu, mmene timayesa mankhwala kuti tione ngati angaphe khansa, timadalira HeLa, maselo a khansa ya khomo la chiberekero amene madokotala anatenga kwa mayi wina ku Baltimore mu 1951 ndipo akuswanabe mpaka lero, komanso MCF-7 a khansa ya m'mawere. Timawadontheza m'timaenje 96 ta kambale kapulasitiki n'kuwagoneka mu incubator pa madigiri 37. M'timaenje ta m'mphepete timangothiramo madzi, poti timauma msanga n'kusokoneza zotsatira.

Lachiwiri tinathira mankhwala: ena opangidwa ndi anzathu a chemistry, ena ofinyidwa m'makungwa ndi masamba. Onse timasungunula mu DMSO, madzi osungunulira mankhwala, koma yongodontheza, chifukwa ikachuluka imapha maselo payokha, iwe n'kumayamikira mankhwala osagwira ntchito. Pambali timaika doxorubicin, mankhwala a khansa odziwika kale. Iyeyo akalephera kupha, kambale konseko n'kotaya.

Lachitatu kunali kudikira ndi kutsuka mabotolo.

Lachinayi, patatha maola 48, tinathira MTT, penti yoonetsa ngati maselo ali moyo. Imalowa yachikasu, ndiye maselo amoyo amaisandutsa yapepo. M'kaenje motuwa ndiye kuti afa. Mzere wa makungwa ena unatuwa mbee, ndipo mtsikana wa digiri yachiwiri amene ndikumuphunzitsa ntchito anayamba kale kujambula pafoni. Ndinangoti, "Achemwali, taonani kaye mbale ya Vero." Amenewa ndi maselo ochokera ku impso ya nyani, osati a khansa. Nawonso anali atafa psiti. Kupha maselo m'mbale si nkhani, ngakhale Jik amapha. Chimene timasaka ndi mankhwala osankha, opha a khansa pa mlingo wochepa n'kusiya enawo. Ine ndikukayikira tannin, amene amadzaza m'makungwa ambiri ndipo amamatira ku mapuloteni alionse osasankha.

Sindinyoza zomera ayi. Vincristine, mankhwala amene ana odwala khansa ya Burkitt lymphoma amalandira m'zipatala za ku Malawi, anachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene anthu amadzala pakhomo. Koma njira yake ndi yaitali. Makungwa a mtengo wa Pacific yew anatoledwa ku America mu 1962, akatswiri Wall ndi Wani anafotokoza mmene paclitaxel, mankhwala a khansa a m'makungwawo, alili mu 1971, ndipo chilolezo chopatsa odwala chinatuluka mu 1992.

Lachisanu tinawerengera IC50, mlingo umene umachepetsa maselo amoyo ndi theka. Amene anasankhako pang'ono ndi amodzi mwa opangidwa aja, ndipo tiwabwereza katatu tisanauze eni ake. Makungwa aja tiwasefa pa polyamide kuti tannin atsalire, tione ngati chodutsacho chiphabe.