Domeni Yachiwiri: Igulidwe, Koma Masamba Asakoperedwe

Tiyerekeze muli ndi loji m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Webusaiti yanu ili pa dzina la bizinesi ndi .com, ndiye mwapeza kuti dzina lina lokhala ndi mawu amene alendo amalemba pa Google, monga lodge ndi Mangochi, palibe analigula. Maganizo amene amabwera msanga ndi oti muligule, mukoperepo masamba omwewo, kuti muzioneka kawiri anthu akasaka. Kugulako palibe vuto. Pokopera masambapo ndi pamene zinthu zimasokonekera.

Google ikapeza masamba awiri a mawu ofanana pa madomeni (maina a webusaiti) awiri, sionetsa onse. Imasankhapo limodzi, linalo n'kulisiya, ndipo nthawi zina imasankha limene inu simukulifuna. Vuto lalikulu lili pa malinki. Mphamvu ya webusaiti imachokera kwa ena amene akulozerani: nyuzipepala imene inalemba za malo anu, tsamba la zokopa alendo, kampani imene mumagwira nayo ntchito. Madomeni akakhala awiri, ena aloza uku, ena uko, mtolo umodzi wa nkhuni n'kusanduka timitolo tiwiri tosaphika ndiwo.

Kale dzina lokha linkakweza webusaiti ngakhale mkati mulibe kanthu. Mu Seputembala 2012 Google inachepetsa mphamvu ya madomeni otere akakhala opanda zinthu zothandiza. Komanso malamulo ake amaletsa zimene amati doorway, kutanthauza masamba kapena madomeni ofananafanana amene ntchito yawo n'kungokokera munthu kumalo amodzi. Zoti madomeni anuanu azilozerana malinki okhaokha, musataye nazo nthawi.

Chimene chimagwira ntchito ndi 301 redirect. Domeni yachiwiri isakhale ndi masamba ake, koma aliyense woilemba azingofikira pa webusaiti yaikulu. Nambala 301 imauza Google kuti kusamukako n'kwamuyaya, choncho malinki onse opita ku domeni yachiwiri amawerengedwa ku yaikulu. Nambala 302 imati n'kwakanthawi chabe. Yang'anani bwino pamene munagula domeni, chifukwa pa batani la forwarding pamakhala posankha pakati pa ziwirizi, ndipo pena pamakhalanso masking. Masking ikanani. Imaika webusaiti yanu mkati mwa fulemu pansi pa dzina lachiwirilo, adiresi pamwamba sisintha munthu akamatsegula masamba, ndipo Google imapeza tsamba lopanda kanthu.

Pa seva ya Apache, mzere umodzi mu .htaccess (fayilo ya malangizo a seva) ya domeni yachiwiri ndi wokwanira:

Redirect 301 / https://dzinalanu.com/

Mzerewu umasunga njira yonse, moti wolemba /mitengo pa domeni yachiwiri amafika pa /mitengo ya domeni yaikulu. Chenjezo: madomeni awiriwo akakhala kuti akuwerenga foda imodzi pa hosting, mzerewu ugwiranso domeni yaikulu, izingodzitumiza yokha mpaka browser itadandaula kuti ma redirect achuluka. Ipatseni domeni yachiwiri foda yakeyake.

Pamene ambiri amaiwala ndi pa satifiketi. Domeni yachiwiri ikufunika SSL yake, satifiketi ya chitetezo imene imalola https, ngakhale ilibe tsamba. Browser imayamba yaona satifiketi isanamve za 301, ndiye ikasowa, kasitomala amalandira chenjezo loti malowa si otetezeka, n'kubwerera. Ya Let's Encrypt ndi yaulere, koma imatha msanga, ndiye onetsetsani kuti ikudzikonzanso yokha. Mukamaliza, yesani njira zonse zinayi: http ndi https, iliyonse ndi www komanso popanda www. Mukalemba curl -IL ndi adiresiyo mu terminal ya kompyuta, muona manambala amene seva ikubweza. Mukufuna 301 kamodzi kenako 200 (tsamba latseguka bwino), osati kudumphadumpha katatu.

Nanga phindu lake n'chiyani ngati sikukweza? Lilipo, kungoti si la pa Google. Dzina lalifupi limamveka bwino pa wailesi ndi pa chikwangwani, ndipo mukaika ma UTM (timawu tosonyeza kumene mlendo wachokera) pa adiresi imene redirect ikupita, mudziwa kuti ndi angati anabwera chifukwa cha malondawo. Mumatsekanso njira ya wina amene akanagula dzina lofanana ndi lanu, kapena limene anthu amalilemba molakwika.

Pa .mw ndi .com mpofunika kuganiza kaye kuti yaikulu ikhale iti. Madomeni a .mw ndi a dziko la Malawi, ndipo Google imatenga mathero a dziko ngati chizindikiro champhamvu choti webusaiti ndi ya anthu a dzikolo. Shopu yogulitsa zipangizo zomangira ku Lilongwe ikhale pa .mw. Loji yofuna alendo ochokera ku Johannesburg ndi London ndingailangize .com, .mw izingotumiza.

Webusaiti yachiwiri yoima payokha imamveka pokhapokha bizinesiyo ili inadi, makasitomala enanso, mwachitsanzo mwini loji akayamba kubwereketsa magalimoto. Apo mawu akhale atsopano, zithunzi zina, ndipo muvomereze kuti ntchito ndi ndalama zawirikiza. Ngati ndi nkhani chabe za malo oyendera kunyanja, ziikeni mu /blog ya domeni yaikulu, kuti wolozera nkhanizo akweze bizinesi yomwe.

Palinso amene amagula domeni yakale imene mwini wake anaisiya, pofuna kudyerera malinki ake. Kuyambira Malichi 2024 Google ili ndi lamulo loletsa kugwiritsa ntchito madomeni otha nthawi pongofuna kukwera. Musanalipire, ioneni pa Wayback Machine, malo osunga mmene mawebusaiti ankaonekera kale. Ngati inakhalapo ya juga kapena ya mankhwala okayikitsa, isiyeni. Mukaigula, itsimikizireni mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti, muone ngati ilibe chilango pa Manual Actions musanailumikize ku webusaiti yanu.

Kwa amene munakopera kale masamba, kukonza kwake n'kosavuta. Sankhani domeni imene ili ndi malinki ambiri, tumizani tsamba lililonse ku linzake lofanana nalo, osati onse kutsamba loyamba, chifukwa Google imatha kuwatenga ngati masamba osowa. Kenako gwiritsani ntchito Change of Address mu Search Console. Redirect ikhalepo chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo domeni yakaleyo muiike pa auto-renew, ndi khadi la kubanki limene silikutha mwezi wamawa.