Hydrocyclone ndi madzi a oyilo otuluka m'magalaja a ku Dedza

Ntchito yanga ndi yokonza mapampu ndi kulumikiza mapaipi, ndipo kawirikawiri ndimaitanidwa m'magalaja ndi m'malo otsukira magalimoto a m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Dedza, kumene malole ochokera ku Mozambique amaima akangodutsa pachipata cha malire. Madzi otuluka m'malo amenewa amakhala akuda bii, ndipo pamwamba pake pamanyezimira oyilo ndi dizilo. Amatsata ngalande mpaka m'timitsinje timene alimi amathirira mbatata ya kachewere ndi kabichi m'madimba, ndipo tina mwa timitsinjeti timathira mu Linthipe, umene umakathera m'nyanja ya Malawi ku Salima.

Bambo wina amene ali ndi malo otsukira malole anandionetsa pafoni chipangizo chotchedwa hydrocyclone, nati: "Achimwene, ogulitsa akuti chimachotsa oyilo yense m'madzi popanda sefa. Kodi ndi zoona?" Ndinawayankha kuti chipangizocho n'chenicheni ndipo chimagwira ntchito, koma mawu akuti "yense" ndi amalonda chabe.

Maziko a nkhaniyi ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840, ndipo ya oyilo wa injini imayandikira magalamu 880. Chifukwa cha kusiyana kumeneku, oyilo amayandama madzi akangosiyidwa phee m'thanki. Vuto ndi nthawi. Katswiri wa sayansi George Stokes anasonyeza mu 1851 kuti liwiro la kukwera kwa dontho la oyilo m'madzi limadalira kwambiri kukula kwake, moti dontho likachepa ndi theka m'mimba mwake, liwiro lake limatsika kanayi. Madontho aakulu amafika pamwamba msanga, koma timadontho tosaoneka ndi maso tingathe maola tisanafike, ndipo madzi akamalowa mosalekeza timangokokoloka nawo. Kuti thanki idikire timadontho totere iyenera kukhala yaikulu kwambiri.

Hydrocyclone imagwiritsa ntchito kusiyana komweko kwa kulemera, koma m'malo modikira imazunguza madziwo. Amene anaimapo pachigayo anaona chifanulo chachitsulo chija chimene ufa umatulukira: mphepo yonyamula ufa imalowera m'mbali n'kuzungulira, ufa umene ndi wolemera umaponyedwa kukhoma n'kutsikira m'thumba, pamene mphepo imatulukira pamwamba. Hydrocyclone ya oyilo imatsata nzeru yomweyo, kungoti ndi yaitali ndi yowonda, yotakata kumutu ndipo imanka nichepa mpaka kumchira. Pampu imakankhira madzi a oyilo pabowo la m'mbali kumutu, madziwo amayamba kuzungulira, ndipo pamene njira ikupanikizika liwiro la kuzungulirako limakula, mpaka mphamvu yokankhira kukhoma imaposa mphamvu yokoka ya dziko maulendo mazanamazana, ngakhale kupitirira 1,000. Madzi, pokhala olemera, amatenga malo a kukhoma n'kutulukira kumchira. Oyilo amakanikizidwira pakatikati n'kupanga kamzere kowonda kwambiri, ndipo chifukwa valavu ya kumchira imakhala yotsekedwa pang'ono, kamzereko kamabwerera m'mbuyo n'kutulukira pa kabowo ka mamilimita ochepa kumutu. Zonsezi zimachitika m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo m'kati mwake mulibe chitsulo chilichonse choyenda.

Nzeru yozunguza madzi ndi yakale, ndipo m'migodi akhala akulekanitsira mchenga ndi miyala yoperapera m'njira imeneyi kwa zaka zambiri. Kulekanitsa oyilo kunali kovuta chifukwa kulemera kwake sikusiyana kwambiri ndi kwa madzi. Anathetsa vutoli ndi akatswiri a payunivesite ya Southampton ku England, Martin Thew ndi Derek Colman, m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 makampani okumba mafuta panyanja anayamba kuzigwiritsa ntchito. Kumeneko malo ndi ochepa, mathanki aakulu ndi olemera, ndipo nsanja zina zokumbirapo mafutawo zimagwedezeka ndi mafunde, zimene zimavundula madzi a m'thanki koma sizisokoneza hydrocyclone. Ku North Sea, nyanja ya ku Ulaya kumene amakumba mafuta, madzi otayidwa m'nyanja saloledwa kupitirira mamiligalamu 30 a oyilo pa lita imodzi, ndipo pangano la mayiko loteteza nyanja, lotchedwa MARPOL, limaletsa sitima zapamadzi kutaya madzi a m'chipinda cha injini opitirira magawo 15 a oyilo pa miliyoni.

Koma madzi a pagalaja ya ku Dedza si ofanana ndi a panyanja, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa pokambirana ndi bambo aja. Anyamata otsuka malole amathira sopo wa ufa wambiri, ndipo ntchito ya sopo ndi kuphwanya oyilo kukhala timadontho tosabwererananso pamodzi. Mukatunga madzi oterewa m'botolo loonekera mkati, mumaona ali otuwa ngati mkaka wosungunula, ndipo ngakhale atagona usiku wonse sayera. Timadontho tochepera mamaikuloni 10 kapena 15 (mamaikuloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi) hydrocyclone imalephera kutigwira, ndiye madzi otere amalowa otuwa n'kutulukanso otuwa. Mpope wamphamvu wotsukira nawonso umaphwanya oyilo, chimodzimodzinso mapampu wamba amene timagula m'masitolo, aja okhala ndi kampeni kozungulira mothamanga m'kati. Pampu yoyenera ndi yokankha madzi modekha popanda kuwatakasa, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ogulitsa ambiri satchula zimenezi, ndipo ine ndimaona kuti kusatchulako n'kumene kumapweteketsa ogula.

Palinso mchenga. M'nyengo ya dzinja malole amabwera ndi matope ambiri, ndipo mchenga umadya khoma la chipangizocho pang'onopang'ono, pamene tizinyalala timatseka kabowo kotulukira oyilo. Kabowoko kakatsekeka, chipangizocho chimaoneka ngati chikugwira ntchito bwinobwino koma oyilo akutulukira limodzi ndi madzi. Magetsi akathima kapena mphamvu ya pampu ikatsika, kuzungulira kumafooka ndipo kulekanitsa kumathera pomwepo. Ndiponso chimene chimatuluka pa kabowo si oyilo yekha, koma oyilo wosakanikirana ndi madzi ambiri, amene ayenera kukadikha m'thanki ina yaing'ono asanawengulidwe n'kusungidwa m'migolo. Kuthira oyilo ameneyo pamsewu pofuna kuchepetsa fumbi, monga ena amachitira, n'kumubwezera kumtsinje mvula yoyamba ikagwa.

Lamulo la zamadzi la 2013 ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017 amaletsa kuipitsa mitsinje, choncho mwini galaja aliyense ayenera kuchitapo kanthu, koma si aliyense amene akufunika hydrocyclone. Kwa wotsuka magalimoto ang'onoang'ono ochepa pa tsiku, dzenje la njerwa la zipinda zitatu, lokhala ndi mapaipi otunga madzi pansi pa oyilo woyandamayo, limakwanira bola lizikolopedwa. Hydrocyclone imayenera amene amatsuka malole ambiri pamalo opanikizika. Bambo aja ali m'gulu limeneli, koma tinagwirizana kuti asanaitanitse chipangizocho ayambe amanga dzenje logwira mchenga, apatule ngalande ya kotsukira injini kuti isakumane ndi ya madzi a sopo, ndipo afunse wogulitsayo mtundu wa pampu imene imabwera nacho komanso kukula kwa madontho amene chimatha kugwira.