Zikomo nonse amene munayenda nane mpaka pamzere

Loweruka lapitali ndathamanga mamita 100 koyamba chivulalireni. Ndinamaliza wachinayi pa anthu 6, wotchi ya pafoni ya akochi inati 11.9 koma anyamata akuti akochi anadina msanga chifukwa chondimvera chisoni kkkk. Zilibe kanthu. Ine ndafika pamzere ndi miyendo yanga yonse iwiri, nde ndati ndisagone ndisanalembe izi chifukwa anthu oti ndiwathokoze ndi ambiri, ndipo ena mwa inu ndinakuyankhani mwano nthawi imene ndinali pamphasa ija.

Kwa amene simunamve, ndinavulala mu June chaka chatha pa mpikisano wina kwathu konkuno. Tinatenthetsa thupi cha m'ma 8 koloko, thukuta kutuluka bwinobwino, kenako akuti tidikire alendo, alendo kubwera malankhulidwe, malankhulidwe kutha magule, ife tili chiimire ndi makabudula mphepo ya June ikutimenya. Pomwe amatiitana nthawi inali itapitirira 11. Ndinanyamuka bwino zedi tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse, koma nditafika cha pa mamita 60 ndinangomva ngati wina wandigenda ndi mwala kuseri kwa ntchafu yakumanzere. Mpaka ndinacheuka kuti ndione wandigenda ndani. Panalibe munthu. Unali mnofu, hamstring ija, itang'ambika. Patangopita masiku awiri ntchafu yonse inada bii ngati biringanya, kukhala pampando osatheka, zakuchimbudzi ndiye tisakambe.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Munandisambitsa ngati khanda ndili ndi ndevu zanga, osadandaula olo tsiku limodzi, kungoti mumabwereza kuti anzako amathamangira maganyu iwe ukuthamangira mphepo. Ndipo Loweruka lija ndinakuonani muli kuseri kwa goli mutaphimba kumaso ndi chitenje, musakane. Mayi oyandikana nafe ogulitsa ma freezes, inu ndiye munali chipatala changa choyamba, kunyumba kulibe filiji nde mumanditumizira ma freezes ouma gwaa anayi m'mawa anayi madzulo, timakulunga m'kansalu nkuika pantchafu, akasungunuka mng'ono wanga amamwa. Simunalandireko ndalama yanga ngakhale kamodzi. Agogo nawonso zikomo ngakhale mphini zija ndinakana, ndikudziwa munakhumudwa.

Tsopano nkhani ya akochi ndiyofunika ndiikambe bwino chifukwa ndi imene inandidzutsa.

Milungu yoyambirira ndinkangogona ndi foni, bandulo yonse imene achimwene amanditumizira kuchokera ku Joni imathera pa kanema mmodzi, fainolo ya mamita 100 ya mpikisano wa dziko lonse ku Berlin ya pa 16 August 2009. Ndimaidziwa pamtima. Bwalo la mizere ya buluu lija, Usain Bolt 9.58, Tyson Gay 9.71, Asafa Powell 9.84. Tangoganizani munthu kuthamanga 9.71 nkukhala wachiwiri, wotsogolayo ali patali ngati wakwera njinga. Patangopita masiku anayi Bolt yemweyo anaswanso rekodi ya dziko lonse ya mamita 200 ndi 19.19. Ndinkaonera kenako nkuyang'ana ntchafu yanga yakudayo nkuyamba kulira, zoona amwene, kulira kwenikweni. Ndinauza aliyense kuti zothamanga ndasiya, ma spikes anga a pakaunjika aja ndinafuna kugulitsa.

Tsiku lina akochi anabwera pa kabaza, anandipeza ndikuonera yomweyo. Analanda foni nkunena kuti iwe ukuonera mpikisano wolakwika, taonera wa ku London. Ine wa ku London wa 2017 ndinkaudana nawo chifukwa ndi umene Bolt analuza pa mamita 100 ake omaliza, Justin Gatlin 9.92 ali ndi zaka 35 anthu akumukuwiza bwalo lonse chifukwa cha mbiri yake ya mankhwala, Christian Coleman 9.94, Bolt wachitatu 9.95, Akani Simbine wa ku South Africa wachisanu. Bolt anachedwa kunyamuka pa ma blocks, zopondera ponyamuka zija, monga mwa matenda ake, kungoti ulendo uno mphamvu zowapezera anzake kumapeto zinaperewera. Koma akochi samanena umenewo. Amanena wa patatha sabata, pa 12 August, relay ya 4x100, ya anthu anayi opatsirana kamtengo ija. Bolt analandira kamtengo kwa Yohan Blake ali wachitatu, kuyamba kuthamangitsa, ndiye asanafike patali anangodumpha mwendo wakumanzere uli m'malere, kutsimphina, kugubuduka nkugwa chafufumimba. Mwendo womwewo wangawu, mnofu womwewo. Poyamba ankati ndi kukokana chabe koma zithunzi za kuchipatala zinadzaonetsa kuti unang'ambikadi. Ndipo a Jamaica anadandaula kuti anawasunga nthawi yaitali m'chipinda chodikirira atatenthetsa kale thupi mpaka anazizidwa. Nditamva zimenezo ndinaseka koyamba chivulalireni, kuti kani zodikiritsa othamanga zili ndi ku London komwe.

Golide anatenga a Britain ndi 37.47, America yachiwiri, Japan yachitatu, koma akochi anati usayang'ane opambanawo, yang'ana kumbuyo. Anthu anabwera ndi wheelchair, Bolt anaikana. Anzake atatu aja, Omar McLeod, Julian Forte ndi Blake, anapita pamene anagwerapo, anadzuka nkuyenda naye pang'onopang'ono mpaka kudutsa mzere. Pa pepala la zotsatira Jamaica inalembedwa kuti sinamalize. Akochi anaimitsa kanema pamenepo nkundibwezera foni, anati mawa 6 koloko ndikubwera ndi physio, wachipatala wophunzitsa mafizo, usambe. Basi. Sanalalikire zambiri.

A physio, dzina sinditchula poti munandiletsa, koma inu mukudzidziwa. Munandiuza mosabisa kuti mnofu umenewu umakonda kung'ambika mwendo ukamatambasukira kutsogolo phazi lisanaponde pansi, pamene ukukokedwa uku ukugwira buleki, ndipo amene amathamangira kubwerera msanga amaung'ambanso pomwepo. Munaletsa anyamata kundithowa mwamphamvu masiku oyamba aja pamene aliyense anali dokotala. Tinayamba ndi zinthu zochititsa manyazi, kugona chagada nkumakweza chiuno, kukanikiza chidendene pansi nkuwerenga mpaka 10. Kenako inabwera Nordic ija, kugwada wina atakugwira akakolo iwe nkumagwera kutsogolo pang'onopang'ono, eish imene ija ndi chilango. Mng'ono wanga ndi amene amandigwira akakolo m'mawa asanapite kusukulu, tsiku lina anandisiya dala ndinadya dothi. Zikomo mphwanga, ngongole ya ma freezes yathera pamenepo. Miyezi yonseyi a physio mumangolandira ya transport, nthawi zina mbatata.

Achimwene ku Joni, bandulo ndi ma spikes atsopano afika ndipo ndi amene ndinavala Loweruka, akulako pang'ono koma ndi masokosi awiri zikuyenda. A gulu lathu la pa WhatsApp munasonkha ndalama ya sikani ine osadziwa, ndinangoona meseji ya ndalama yalowa usiku, ndinayesa wina walakwitsa nambala. Amayi a kutchalitchi munabwera ndi ufa, shuga ndi pemphero lalitali. A kabaza athu a pa siteji amene mumandinyamula ndi ndodo zanga zomwe nkumayenda pang'onopang'ono m'mabampu, ena mumakana ndalama, Mulungu akuoneni. Akuntchito munandisungira malo, ndikudziwa sizinali zophweka.

Ndipepesenso mnzanga amene timathamanga limodzi kuyambira ku pulayimale. Unabwera kudzandiona katatu ine nkumanamizira kugona chifukwa unali utapambana mpikisano umene ndinavulalirawo ndipo mtima unkandiwawa. Unabwerabe kachinayi. Ndi iwe unandionetsa ya ku Budapest ya 2023 pamene Letsile Tebogo wa ku Botswana anatenga siliva ndi 9.88 kumbuyo kwa Noah Lyles, mwamuna woyamba wa mu Africa kupeza mendulo ya mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse umenewu, ali ndi zaka 20 zokha, nkumati aise Botswana ndi pompano apa, basi imafika. Loweruka unali mu lane ya pambali panga, unapambananso, koma utadutsa mzere sunapite kokondwera, unatembenuka kundidikira. Ndinaona.

Chilungamo chake Loweruka pa mamita 60 paja mantha anandigwira, mwendo unakumbuka, ndinamasula pang'ono nde anthu awiri anandidutsa pomwepo. A physio akuti zimenezo zitha ndi nthawi, akochi akuti zitha ndi kuthamanga mamita 80 kasanu ndi kamodzi Lachiwiri lililonse. Ndodo zija ndabweza dzulo kwa eni ake, ndinazitsuka. Amene mukufuna kudzatiperekeza timayamba 5 koloko m'mawa pa giraundi yomwe ija, mubwere ndi juzi, ndipo wina atibwerekeko wotchi yeniyeni chifukwa chala cha akochi sitikuchikhulupiriranso.