Laputopu pa ayisi wa chambo

Alamu anga pobwerera ku Joni anandisiyira laputopu yakale, ya Core 2 Duo, RAM yake 2GB, Windows 7. Batire linafa kalekale, moti imakhalira pachingwe ngati wodwala wa diripi. Koma ine nditaiona ndinaona ndalama. Ana a kwathu kuno kwa Mpondasi amakataya makobidi m'mashopu a magemu pa boma, ndiye ndinati bwanji asamadzatayire pakhonde panga?

Mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni pafupi ndi msika anandiuza kuti kugula PlayStation 2 n'kuwononga ndalama, pali pulogalamu yotchedwa PCSX2 yomwe imachititsa kompyuta kudziyesa PS2. Yatsopano inakanitsitsa pa Windows 7, tinaika yakale, 1.6.0. Itatseguka inafuna BIOS, fayilo ya mkati mwa PS2 yeniyeni. BIOS itapezeka inafunanso pulogalamu ina yotchedwa DirectX. Bandulo yanga ya sabata yonse inathera pamenepo.

Loweruka ndinayala mphasa, mapadi awiri a USB ali chete, K200 gemu imodzi. Pro Evolution Soccer 6, abale! Wezulo italira, osewera anayamba kuthamanga ngati akuwoloka Shire madzi ali m'chiuno. Pamwamba pa sikirini panalembedwa 14, chonsecho gemuyi imafuna zithunzi 50 pa sekondi. Mawu a woulutsa mpira ankakokeka ngati wailesi yotha mabatire. Mwana wina anamenya shoti, n'kupita kukamwa madzi kumtsuko, n'kubwerako mpira usanafike kwa goloboyi. Posakhalitsa fani inayamba kulira ngati njinga yamoto ikukwera zitunda za ku Namwera, kenako phi! Mdima.

"Ankolo, tibwezereni ndalama zathu."

Munali mu Okutobala, ndipo amene anagonako ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinati basi, matenda ake ndi kutentha. Mayi a kunyumba amagulitsa chambo, ndipo tsikulo anali atapita ku chinkhoswe, kulabokosi yawo ili pakona. Ndinatulutsamo chibuluku chonse cha ayisi, kuyalapo chitenje, laputopu khazike pamwamba. Sinazimenso! Nambala ija inakwera kufika 16. Ndinawauza ana kuti kuyambira lero azinditchula kuti injiniya.

Chimene sindinaganize n'choti fani imakoka mpweya kuchokera pansi. Ayisi atayamba kusungunuka, makinawo ankapuma fungo la chambo, lotenthetsedwa bwino. Zinayamba kufika ntchentche, kenako amphaka atatu, mmodzi sindikumudziwa n'komwe kwawo. Madzi atalowa mkati, mabatani anayamba kudzidina okha, gemu n'kumaima ndi kuyamba mwa kufuna kwake. Tili mkati molimbana nazo, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo a ana, chitenje chimenecho si changa? Nanga ayisi wanga akutani pamenepo?"

Chambo zisanu ndi ziwiri zinali zitafewa m'kulabokosi muja. Sindinena zambiri za madzulo amenewo.

Lolemba ndinaitengera kwa mkulu wina wokonza makompyuta. Atatsegula anabweza mutu kaye. Mu fani anatulutsamo fumbi lopikana ngati thonje, ndi mamba awiri. Phala lija amapaka pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kuti izizizira linali litauma gwa ngati nkute. Anapukuta, kuumitsa, kupaka latsopano, n'kundifunsa chomwe ndinkafuna kuchita. Nditafotokoza anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Achimwene, munaonapo womasulira pa msonkhano, wina akulankhula Chichewa iye n'kumatembenuzira m'Chiyawo? Pulogalamu yanuyi ntchito yake ndi imeneyo. Chilichonse chimene PS2 ikanachita, purosesa yanu iyambe yamasulira kaye. Ndiye womasulira wanuyu ndi gogo. Mungamupatse madzi ozizira, mungamukupize, liwiro lake ndi lomwelo. Ngakhale muwonjezere RAM, zithunzi zikujambulidwa ndi kachipangizo ka Intel kongobwera nako, kopanda mphamvu."

Anandiikira pulogalamu ina, ePSXe, ya magemu a PlayStation yoyamba ija ya 1994. Tekken 3 inathamanga bwinobwino, osatsokomola ngakhale kamodzi.

Pano ana abwereranso, ngakhale malo anga amawatchula kuti "kwa ankolo a nsomba", chifukwa laputopuyo ikangotentha fungo lija limadzuka. Ndalama amatolera ndi mayi a kunyumba, akhala pampando pakhomo ndi kope. Akuti tafika pa chambo chachitatu.