Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Puloti ya m'phiri la Soche

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ntchito ya ulonda inandithera ku Limbe. Chimene chinandidyetsa pambuyo pake ndi phiri la Soche. Ndinkakwera mbandakucha ndi nkhwangwa, kugwetsa mitengo, kuwaza nkhuni n'kukagulitsa kwa owotcha njerwa ku Chilobwe. Mitengo itatha tinatembenukira ku zitsa, kufukula ndi mizu yomwe kuti tiwotche makala. Tinalipo ambiri, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikubisala kuseri kwa mawu akuti "tinalipo ambiri".

Pamene ndinaswapo mphanje ndinalimapo chimanga zaka ziwiri, kenaka ndinagulitsa ngati puloti kwa mayi wina wamasiye wa kumpingo kwathu. Tsiku lokaona malowo anayang'ana kumtunda nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Achimwene, madzi sadutsa pano?" Ndinati, "Ayi alongo, pano mpouma." Chonsecho dzinja lililonse ndinkaona madzi akukokolola mizere yanga. Ndinkafuna ndalama ya lendi ndi fizi.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osakata, mpaka phiri linang'ambika. Matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika n'kukwirira anthu m'makomo mwawo. Akuluakulu ankangoti napolo, akukumbukira za ku Phalombe mu 1991. Tinafukula ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja. Mayi aja tinawapeza tsiku lachiwiri, pamodzi ndi ana awo aakazi awiri. Khasu limene linakhudza chitenje chawo linali langa.

Boma linalengeza masiku 14 okhuza maliro, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anapita. Pasiwa anthu ankapepesana kuti zonse ndi Mulungu, ine ndikugwedeza mutu. Mvula sindinaigwetse ine, n'zoona. Mwina phiri likanagumukabe ngakhale mitengo ikanakhalapo. Koma funso lija linafunsidwa kwa ine, yankho ndinkalidziwa, ndipo ndinanama.

Mnyamata wawo wamkulu anapulumuka chifukwa usiku umenewo anakagona kwa azakhali ake ku Zingwangwa. Tikakumana pamsika amandipatsa moni wa manja awiri, "Amalume, mwaswera bwanji?" Abusa ndinawaululira chaka chatha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati woyenera kumva zimenezi ndi mwanayo. Kawiri konse ndafika pageti pa azakhali akewo n'kubwerera. Loweruka likubwerali ndipitanso, ndipo mkazi wanga wati andiperekeza.