Ishimaeli wanga wa ku Chiradzulu

Anthuni, Okutobala wa ku Blantyre mukumudziwa, dzuwa lija lotentha mpaka phula kufewa mumsewu. Lamulungu lina abusa anatsegula Mlaliki 3, zoti chilichonse chili ndi nthawi yake, ngakhale kudzala kumene. Kenaka anakhalitsa pa Abrahamu, akuti anaitanidwa ali ndi zaka 75, Isaki kudzabadwa mkuluyo ali ndi 100, koma pakati apo iye ndi Sara anaona ngati kumwamba kukuchedwa nkulowetsapo Hagara, pa 86 Ishimaeli uyu wabadwa. Ameni wanga tsiku limenelo anali wokweza moti amayi a Mvano anachita kucheuka.

Lachitatu lake mvula inagwa, yamabingu, fungo la dothi lija mpaka mmutu. Madamu akuti bambo, imeneyi ndi chizimalupsa, yongozimitsa moto wa mtchire basi, dikirani ya Novembala. Ine ndati mayi inu vuto lanu chikhulupiriro nchochepa, ndakhala ndikupempherera mvula, yabwera, ndiye ndiziyifunsanso chiphaso? Mmamawa ndinali kale pa minibasi ya ku Chiradzulu, mbeu yanga ya chimanga ya Kanyani pamwendo, ndalama yake yobwereka ku banki mkhonde ya madamu omwewo.

Mudzi wonse palibe ndi mmodzi yemwe amene anali kumunda. Apongozi anangokhala pachitsa kumandionerera ndikudzala mwa Sasakawa, njere imodzi phando limodzi, 25 cm ndikuchita kuyeza ndi kamtengo. Anangofunsa kamodzi, "Akamwini, alangizi alengeza kale kodi?" Ndati amayi, Mlangizi wanga ndi wakumwamba.

Chinamera ndithu, chokongola, mizere yoti see. Ndinajambula nkuika pa status, Lamulungu ndinaimanso kutsogolo kuchitira umboni kuti ena akuyang'ana mitambo ife tikuyang'ana Mwini mitambo. Anthu anawomba mmanja, ena mwaulesi.

Basi kumwamba kunatseka. Mbee! Ngakhale kamtambo kongonamiza. Timasamba tinayamba kupotana ngati ndudu za chingambwe, ndipo mmene simunamere akhwangwala ndi mbewa anagawana ntchito, awa masana awa usiku. Ndinalengeza kusala kudya kwa masiku atatu, kunathera pa zitumbuwa za pa siteji nthawi ya 10 koloko tsiku loyamba lomwelo. Ndinayesa kuthirira ndi keni, ekala yathunthu, madzi ochokera pa mjigo, amayi a pamzere mpaka anandifunsa ngati ndikuumba njerwa. Msana unagwira moti pokwera minibasi kondakitala anachita kundikankha kumbuyo, amvekere "pang'onopang'ono madala".

Pomaliza ndinati nkhaniyi ndikaithetsere ku phiri la Soche, usiku wonse. Ambulera amene ndimayenda naye masabata onsewo posonyeza chikhulupiriro tsiku limenelo ndinamusiya dala, tinali titayambana. Pemphero langa silinalinso la ulemu ayi, linali la munthu wolondola ngongole. Nditatopa ndinangoti chabwino Ambuye, munda ndi wanu, mvula ndi yanu, ngongole ya banki mkhonde nayonso tengani, ine ndagona.

Sindinagone. Cha mma 2 koloko inatsika mvula yeniyeni ija, yosaseka ndi munthu, ine pamwamba pa phiri ndi Baibulo mmalaya. Potsika ndinatsetsereka ndi matako, nsapato imodzi ili komweko mpaka lero, foni inafa ndi zithunzi zonse za umboni.

Kutacha mudzi wonse uli kumunda kudzala, ine mbeu ndilibe. Madamu anandiperekeza kwa apongozi osayankhula kanthu, zomwe zimawawa kuposa kukalipa. Apongozi anatapa chimanga chamakolo mu lichero nkundipatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Landirani akamwini. Koma Ishimaeli wanu uja mukayambe mwamuzula, aliko atatu ku mzere wa kumapeto akulimbikirabe."

Umboni wachiwiri abusa akuufunsabe, ndikumawauza kuti nthawi yake siinakwane.