Khonde lakumbuyo: theka lafika pa simenti

Theka la khonde lakumbuyo tsopano layera, simenti yeniyeni ikuoneka. Theka linalo likadali ndi sealer wakale amene ndikuchotsa, mankhwala opaka pamwamba pa simenti poiteteza, wotuwa mbuu, ndipo m'mbali mwa chipupa akusendeka yekha.

Pamwamba pake panalinso polishi wofiira wa zaka zambiri. Ameneyu ndinayamba kumuchotsa ndi turpentine ndi chiguduli, chifukwa phula lake limatchinga mankhwala kuti asafike pansi. Kenako ndinafuna kudziwa mtundu wa sealer amene eni nyumba akale anapaka. Ndinadontheza xylene, mankhwala osungunulira penti, pakona n'kudikira mphindi ziwiri. Panafewa, golovesi n'kumamata. Ndiye kuti sealer wake ndi wa mtundu wa acrylic. Akanakhala wa mitundu yolimba ya epoxy kapena polyurethane, xylene sakanamugwedeza n'komwe, ndipo ntchito yonse ikanakhala ya galayindala.

Aneba anati ndingothira asidi. Ayi ndithu. Asidi amadya simenti, sealer samusungunula, ndiye mumangokumba timaenje pamene panasendeka kale, kwinako kuli chikhalire.

Ndikugwiritsa ntchito stripper, mankhwala ochotsera sealer, wolimba wa gel, ndipo chinsinsi chake n'chimodzi: asaume. Akauma wasiya kugwira ntchito, ndalama zapita. Ndi dzuwa la Okutobala lino amauma musanatembenuke, choncho ndimayamba m'mamawa, kupaka mochindikala pamalo a sikweya mita imodzi yokha, n'kuvundikira ndi pulasitiki wakuda wofolera nyumba. Ndikamavundukula, sealer amakhala atakwinyika, ndipo chopalira chimangomukankha ngati mkute wa phala. Zonyansazo ndimaika m'chitini chakale cha penti, osati m'ngalande. Kenako bulashi yolimba, madzi a sopo, n'kutsukuluza bwino.

Maso amanama pa ntchito iyi. Malo amaoneka oyera koma sealer akadali m'timabowo ta simenti. Ndiye pakauma ndimawaza madzi. Akalowa n'kudetsa simenti, patha. Akakhala timibulu pamwamba, ndimabwerezanso. Pafupi ndi chitseko, pomwe anapaka mowirikiza, ndi pamene pandivutitsa kwambiri.

M'makona ndalowetsamo galayindala ya diamond cup, chimbale choperera konkire. Fumbi la konkire lili ndi silica, timchenga tosalala kwambiri, ndipo limawononga mapapo, choncho chigoba cha kumaso chenicheni chokhala ndi sefa, osati kansalu, ndipo ana ndi nkhuku atalikire. Xylene nayenso sachedwa kugwira moto. Mbaula yasamukira kutsogolo mpaka ntchito itatha.

Kutuwa kuja kwadziwika gwero lake. Ndinamata pulasitiki wa masentimita 45 mbali zonse pa simenti yoyerayo, tepi kuzungulira, n'kusiya maola oposa 16. Kunsi kwake ndinapeza timadontho. Chinyontho chikukwera kuchokera m'nthaka, ndipo sealer wakaleyo ankachitsekera. Choncho sealer wonyezimira wokhala pamwamba ngati wakaleyo sindipakanso, ngakhale amayi akunyumba amamukonda. Ndikufuna wolowa m'kati mwa simenti, wa silane kapena siloxane, amene amalola nthunzi kutuluka. Theka latsalali liyenera kutha mvula isanagwe.